Chingerezi chili m'kope koma pakamwa sichituluka: kuthandiza ophunzira athu a mu Harare kuyankhula m'kalasi

Pa tsiku limene makolo amakakumana ndi aphunzitsi m'sukulu za ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku kapena Dzivaresekwa, dandaulo limodzi silisowa: mwanayu amalemba bwino ndithu, koma akafunsidwa funso pa phunziro la Chingerezi amangoti zyoli, maso pa desiki, mpaka mphunzitsi atatopa n'kuloza wina. Kholo limafikira kumukalipira kunyumba, mwanayo amayesa kukweza mkono kwa sabata imodzi, ndipo pofika sabata yachitatu zinthu zimakhala zabwerera pakale. Vutoli limakula makamaka teremu ikangoyamba, mu Januwale, mu Meyi ndi mu Seputembala, chifukwa pa tchuthi chonse ana ambiri sakhala ndi chowatsegulitsa pakamwa m'Chingerezi.

Chimene chimachititsa kuti vutoli lizibwerabwera n'chakuti tonse timathamangira langizo limodzi lokha, lakuti "limba mtima, uziyankhula," pomwe kukhala chete kuli ndi magwero angapo osiyana. Mwana amene sanamve funso, wina amene yankho ali nalo koma likuchedwa kusanduka chiganizo, ndi wina amene akuopa kusekedwa, onse amaoneka chimodzimodzi kwa munthu amene waima kutsogolo kwa kalasi, koma chimene chingathandize woyambayo chikhoza kumupweteka wachitatuyo.

Palinso chifukwa china chimene sichili mwa mwana ayi. Mayeso a Chingerezi a Fomu 4 a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu mu Zimbabwe, ndi olemba: pepala loyamba ndi la chimangirizo, ndipo lachiwiri ndi lowerenga nkhani, kuyankha mafunso ndi kulemba chidule. Popeza makoleji ndi malo ambiri a ntchito amafuna kuti munthu akhoze maphunziro 5 ndi giredi C kapena kuposa, kuphatikizapo Chingerezicho, mphunzitsi amathera nthawi yake yambiri pa zolemba, ndipo sitingamudzudzule. Koma wophunzira yemweyo akadzaitanidwa ku intavyu ya unamwino, ya uphunzitsi kapena ya ntchito ya m'sitolo, palibe amene adzamupatse pepala kuti alembepo mayankho. Ndiponso kumva ndi kuwerenga pakokha sikubala kuyankhula. Katswiri wina wa ku Canada, Merrill Swain, analemba mu 1985 za ana amene anaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri: ankamva chiyankhulocho bwino kwambiri, koma poyankhula ankaperewerabe, chifukwa m'kalasi sankakakamizika kupanga ziganizo zawozawo.

Ana athu muno ali ndi katundu wina wowonjezera. Makolo a agogo awo ambiri anabwera kuchokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba, ena chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe n'komwe. Lero mdzukulu amamva Chichewa kwa agogo, ku CCAP kapena ku mzikiti, amayankhula Chishona pamsewu ndi mu kombi, ndipo Chingerezi amakumana nacho m'buku. Ziyankhulo zitatu si matenda, ndipo malamulo aakulu a dziko a 2013 amaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Komabe mwa zitatuzo, Chingerezi chokha ndicho chilibe malo amene mwanayo amachigwiritsa ntchito chifukwa chofuna kanthu, monga kugula tomato kapena kukangana ndi mnzake za mpira.

Yambani ndi kupeza chimene chamutseka pakamwa

Kuyesa kumeneku sikufuna mphindi zoposa 15, ndipo kholo, mchimwene kapena mchemwali wamkulu akhoza kukuchita. Tengani nkhani imene anawerenga m'kalasi sabata imeneyo, mumufunse m'Chichewa kapena m'Chishona kuti imanena za chiyani. Akalephera kufotokoza m'chiyankhulo chimene amachidziwa bwino, dziwani kuti nkhaniyo sanaimve, ndipo kumukakamiza kuyankhula n'kutaya nthawi. Akafotokoza bwino, mufunseni funso lomwelo m'Chingerezi muli awiriwiri, popanda azibale ake omvetsera. Ngati yankho likutuluka mosavuta, ndiye kuti Chingerezi ali nacho, ndipo chimene chimamutseka pakamwa chili m'kalasimo. Ngati akudodoma, mupatseni mphindi 2 ndi cholembera kuti alembe mawu atatu kapena anayi omukumbutsa, kenaka mufunsenso. Yankho likabwera tsopano, vuto lake ndi la liwiro, osati la nzeru. Wophunzira wa ku sekondale akhoza kudziyesa yekha motere podzijambula mawu pa foni, zimene sizifuna bandulo.

Ngati funso lenilenilo silikumveka

Chichewa ndi Chishona zili ndi malembo a liwu 5 amene amatchulidwa mofanana nthawi zonse, pomwe m'Chingerezi malembo omwewo amaimira mamvekedwe ambiri zedi, kotero kuti "hat", "hut" ndi "heart" zimafika m'khutu mwa mwana ngati liwu limodzi. Pamene iye akulingalira kuti mphunzitsi wanena liti, funso limakhala litatha kale. Wophunzira wotere akufunika kumvetsera kwambiri, koma kumvetsera zinthu zimene akuzidziwa kale mutu wake. Njira yosafuna ndalama ndiyo kumvera nkhani za tsikulo m'Chichewa pa National FM kapena m'Chishona pa Radio Zimbabwe, kenaka n'kumveranso nkhani za tsiku lomwelo m'Chingerezi pa Classic 263, chifukwa pamenepo mutu sukhala ukufunafuna tanthauzo ndipo khutu limapeza mpata wogwira mawu. Aphunzirenso bwino mawu ochepa amene mafunso a m'kalasi amayambira, monga "explain", "describe" ndi "compare", popeza ana ambiri amasokera pa liwu loyamba lomwelo. Koposa zonse, aloweze chiganizo chimodzi ichi mpaka chizituluka chokha: "Could you repeat the question, please?" Kupempha kuti funso libwerezedwe nako ndi kuyankhula, ndipo kwa ana ena chimenechi chimakhala chiganizo choyamba chimene anzawo awamva akunena.

Ngati yankho lilipo koma likuchedwa kutuluka

Apa ndi pamene ana ambiri ali, ndipo ndi pamene timawalakwira kwambiri. Mwana amamva funso, amaganiza yankho m'Chishona kapena m'Chichewa, amafunafuna mawu a Chingerezi, amayesa kukumbukira ngati anene "he" kapena "she" popeza kwathu onse ndi "iye", ndipo akamamaliza zonsezi mphunzitsi amakhala atapita kale kwa wina. Mary Budd Rowe, amene ankafufuza za kaphunzitsidwe ka sayansi ku America, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ankadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo kuti akadikira masekondi 3 kapena kuposa, mayankho ankatalika ndipo ana ambiri ankayankha nawo. Ana amenewo ankayankha m'chiyankhulo chawo chobadwa nacho, nanga wathu amene akudutsa m'ziyankhulo ziwiri asanafike pa chachitatu? Kwa aphunzitsi, chosintha choyamba ndi chimenechi: funsani funso kaye musanatchule dzina, letsani mikono kwa kanthawi, werengani chamumtima mpaka 5, ndiyeno lozani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masekondi amenewo amaoneka aatali kwa mphunzitsi yekha.

Wophunzira naye ali ndi mbali yake, ndipo sayenera kudikira kuti mphunzitsi asinthe. Madzulo ayang'ane mutu umene ukubwera mawa, akonze funso limodzi ndi chiganizo chimodzi chonena maganizo ake, azinene mokweza katatu, osati chamumtima, chifukwa lilime limazolowera zimene lachita, osati zimene mutu waganiza. Mawa lake anene chimene wakonzacho m'mphindi 10 zoyambirira za phunziro. Akachedwa, mantha amakula, wina amanena mfundo yake yomweyo, ndipo amatuluka osanena kanthu. Akhalenso ndi mawu oyambira okonzeratu, monga "I think that", "I am not sure, but" ndi "May I add something?" Mawu amenewa alibe nzeru yapadera, koma amagula masekondi awiri amene mutu ukufuna, komanso amachotsa kuwawa kwa kuyamba, popeza chovuta kwambiri ndi liwu loyamba.

Pofuna kuwonjezera liwiro, pali njira ina imene Paul Nation wa ku New Zealand anaifalitsa kwambiri, yotchedwa 4/3/2. Wophunzira amasankha nkhani imene akuidziwa bwino, monga momwe amaphikira nyemba kapena momwe amayendera kuchoka kunyumba kukafika ku Mbare Musika, n'kuifotokoza kwa mnzake woyamba kwa mphindi 4, kwa wachiwiri kwa mphindi 3, ndi kwa wachitatu kwa mphindi 2. Nkhani ndi yomweyo, omvera ndiwo amasintha, ndipo womvera saloledwa kudula kapena kukonza. Ulendo wachitatu kudodoma kumachepa poyera, chifukwa mawu afunidwa kale ndipo chatsala n'kuwatulutsa. Kwa ana a ku pulayimale kapena amene akuvutika kwambiri, nthawi ichepetsedwe kukhala mphindi 2, mphindi imodzi ndi theka, ndi mphindi imodzi. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kupereka mutu wachilendo, monga kusintha kwa nyengo, ndiye mwana amalimbana ndi mfundo ndi chiyankhulo nthawi imodzi, ndipo cholinga chonse chimatayika.

Ngati chimene akuopa ndi kusekedwa

Tiyerekeze mnyamata wa Fomu 2 amene waimirira, akukokakoka mkono wa juzi lake, n'kunena kuti Lamulungu banja lake limapita ku tchalitchi "to play" pomwe amafuna kunena "to pray". Akumbuyo aphulika ndi phwete, wina abwereza mawuwo nthawi yopuma, wina amuitana kuti "achimwene" ndi kamvekedwe kaja konyodola kamene aliyense wokulira muno amakadziwa. Mnyamatayo sadzaimiriranso teremu yonseyo, ndipo pa lipoti adzamulemba kuti ndi wamanyazi.

Kusakaniza l ndi r kuli ndi gwero lodziwika: m'Chichewa malembo awiriwa sasiyanitsa matanthauzo, ndipo polemba timaika r pambuyo pa i ndi e, l m'malo enawo. Oseka aja nawonso ali ndi pawo, popeza Chishona cholembedwa chilibe l, koma zimenezo sizimutonthoza mwana amene wasekedwa. Chimene chimamuthandiza n'kudziwa kuti vutoli limakonzeka ndi lilime. Potchula l, nsonga ya lilime imakhudza kuseri kwa mano akumwamba n'kukhala pomwepo. Potchula r wa Chingerezi, lilime silikhudza paliponse, limabwerera m'mbuyo pang'ono ndipo milomo imatulukira kutsogolo. Aime pa galasi, atchule mosinthanasinthana "light" ndi "right", "glass" ndi "grass", kenaka aziike m'ziganizo, adzijambule ndi kumvetsera. Achite chimodzimodzi ndi chizolowezi chowonjezera liwu kumapeto, chonena "bagi" ndi "deski", chimene chimabwera chifukwa mawu athu amathera pa lembo la liwu. Pamenepa pakhale malire: cholinga n'chakuti amveke, osati kuti ayankhule ngati wobadwira ku London. Chingerezi cha ku Harare chili ndi kamvekedwe kake, ndipo n'chokwanira.

Mphunzitsi ndiye amaika mtengo wa kulakwitsa m'kalasi. M'chitsanzo chija, akanatha kungolandira yankholo n'kunena kuti, "So your family goes to pray on Sunday. Which church?" Mwanayo wamva katchulidwe kolondola, nkhani yapitirira, ndipo oseka asowa poyambira. Zolakwika zimene zikubwerabwera zisungidwe mpaka kumapeto kwa phunziro, zilembedwe pa bolodi popanda mayina, kalasi yonse ikonze. Kudula mwana pakati pa chiganizo pofuna kukonza "a" kapena "the" kumamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, chakuti kutsegula pakamwa n'kudziputira. Wonyodola katchulidwe ka mnzake adzudzulidwe tsiku loyamba lomwelo, chifukwa zikalekereredwa kamodzi kalasi yonse imadziwa kuti n'zololedwa.

Za mchitidwe wolemba mayina a oyankhula Chishona kapena Chichewa pa sukulu kuti alandire chilango, maganizo anga ndi akuti umabala kukhala chete, osati Chingerezi. Mwana amene akuopa chilango amasankha kusanena kanthu m'chiyankhulo chilichonse. Za chikwapu ndiye palibenso zokambirana, popeza lamulo la maphunziro monga linasinthidwira mu 2020 limaletsa mphunzitsi kumenya mwana.

Pali kukhala chete kwina kumene kumafanana ndi mantha koma gwero lake ndi ulemu. Mwana amene waleredwa bwino kwathu sayang'ana wamkulu m'maso, salowerera akulu akamayankhula, ndipo satsutsa. Akafika m'kalasi n'kuuzidwa kuti anene ngati akugwirizana ndi zimene mphunzitsi wanena, amamva ngati akuuzidwa kuti achite mwano, makamaka atsikana. Apa mphunzitsi yekha sangathe, pamafunika chilolezo chochokera pakamwa pa kholo, chonenedwa momveka: "Mwanangu, aphunzitsi akakufunsa, kuwayankha ndiye ulemu, ndipo kunena kuti iwe ukuona mosiyana si mwano malinga wanena mwaulemu."

Kalasi yodzaza

Tiwerengere pamodzi. Ngati phunziro lili ndi mphindi 40, ana ali 50, ndipo mphunzitsi wayankhula theka la nthawiyo, mwana aliyense watsala ndi masekondi 24, titayerekeza kuti nthawiyo yagawidwa mofanana, zimene sizichitika, chifukwa ana asanu omwe aja ndiwo amatenga zonse. M'sukulu zimene ena amalowa m'mawa ndi ena masana, mpata wotsalira kuti muyesere umasowanso. Koma kalasi yomweyo ikakhala awiriawiri kwa mphindi 6, aliyense amayankhula mphindi 3. Masamu amenewa ndiwo amachititsa kuti ntchito ya awiriawiri ikhale yosapeweka.

Aphunzitsi ambiri anayesa njirayi n'kuisiya, ponena kuti ana amangocheza m'Chishona, ndipo akunena zoona. Zimatero pamene awiriwo apatsidwa pepala limodzi n'kuuzidwa kuti akambirane, popeza palibe chimene wina akufuna kwa mnzake. Mupatseni mmodzi mndandanda wa mitengo ya pa msika wokhala ndi mipata, winayo akhale ndi mitengo yosowayo koma akusowa ina, asaonetsane mapepala, ndipo kumapeto aliyense anene kwa kalasi zimene mnzake wamuuza. Uzani ana nthawi yeniyeni imene ali nayo, ikhale yochepa, ndipo musawaike anayi kapena asanu pamodzi poyamba, chifukwa m'gulu lalikulu wachete amabisala bwino kuposa m'kalasi. Phokoso lidzakhalapo, choncho ndi bwino kuwadziwitsiratu a hedi ndi mphunzitsi wa kalasi yoyandikana. Kalabu ya mtsutso ndi yabwino, koma imakopa amene amayankhula kale, ndipo si poyambira pa mwana amene tikunenayu. Sewero lalifupi limamuthandiza kuposa, chifukwa mawu ndi okonzeratu ndipo wolakwitsayo ndi munthu wa m'sewero, osati iye.

Zimene zingachitike kunyumba

Makolo ena akamva dandaulo la aphunzitsi amalamula kuti pakhomo pasamvekenso Chichewa. Zimenezi sizithandiza. Mwana amataya chiyankhulo chimene amaganizira mozama, amadukana ndi agogo ake, ndipo chimene amalandira m'malo mwake ndi Chingerezi cha mawu ochepa olamula. Kholo limene silidziwa Chingerezi lili ndi ntchito yaikulu imene lingachite m'Chichewa momwemo. Taonani gogo wa ku Mabvuku akusadzula masamba pakhonde, mdzukulu wake atangovula yunifomu. "Tandiuza, mdzukulu wanga, lero mwawerenga zotani?" Mtsikanayo afotokoza, gogoyo afunsa kuti, "Nanga munthuyo anathawiranji?" ndipo mwanayo akakamizika kuganiza chifukwa chake. Akamaliza, gogoyo anena kuti, "Tsopano unene zomwezo m'chizungu, ine ndingomvera." Sakumva chilichonse, koma mfundo zayalidwa kale, womvera ndi wosaseka, ndipo mwana wayankhula Chingerezi kwa mphindi ziwiri, zimene mwina sanachite m'kalasi sabata yonse.

Pa tchuthi, ophunzira atatu kapena anayi akhoza kugwirizana zotumizirana uthenga wa mawu pa WhatsApp wa mphindi imodzi tsiku lililonse, wofotokoza chinthu chimodzi chimene aona, ndi lamulo lakuti palibe kulemba ndipo palibe kutumiza uthenga wa mnzako kwa ena. Lamulo lachiwirili likaphwanyidwa, gululo limafa tsiku lomwelo.

Zikakanikabe

Ngati teremu yatha mukuchita zonsezi koma palibe kusintha, siyani kaye za Chingerezi muyang'ane zina. Mwana amene amakweza wailesi kwambiri, amatembenuzira khutu limodzi kwa woyankhula, kapena anadwalapo mafinya m'khutu, mupite naye ku kiliniki akamuyeze makutu, ndipo podikira mumupemphere malo akutsogolo m'kalasi. Wachibwibwi amadodoma m'ziyankhulo zonse, osati m'Chingerezi mokha. Iyeyu asamalizidwire mawu, asauzidwe kuti afulumire, ndipo zimathandiza mphunzitsi akamuuziratu funso limene adzamufunse. Unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale uli ndi nthambi yoona za ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo njira yofikira kumeneko imadzera kwa a hedi.

Mwana amene kale ankayankhula koma wangoti duu mwadzidzidzi, pa maphunziro onse ndi kunyumba komwe, nkhani yake si ya chiyankhulo. Kukhoza kukhala kuvutitsidwa ndi anzake, njala, manyazi a fizi yosalipidwa, kapena china choopsa chimene akuopa kuulula. Mufunseni muli awiri, m'chiyankhulo chimene amamasuka nacho, kaonaneni ndi mphunzitsi wa uphungu pa sukulupo, ndipo ngati mukukayikira kuti wina akumuchitira nkhanza, nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana, ndi 116, yoimba mwaulere.